Usipa Umene Ndaubwezera pa Thandala

Ngala
Lachitatu masana

Zione mwana wanga,

Ukafika m'mawa kuchokera kwa azakhali ako n'kupeza makatoni ako awiri alibe kanthu, usayambe kufunsa anthu kuti walowa m'nyumba ndani. Ndine. Khala pansi, uwerenge kalatayi mpaka kumapeto, kenako undikwiyire. Ndasankha kulemba chifukwa masiku ano ndikamalankhula nawe maso ako amakhala pa foni, ndipo basi yako ya ku Lilongwe idutsa pano 7 koloko. Nthawi yoti tikangane bwinobwino sitiipeza.

Pa mapaketi 60 a usipa amene unamata kuti ukagawire makasitomala ako ukafika, ndang'amba 38. Usipa wake ndauyanikanso pa thandala. Otsala 22 ali bwino, ali m'katoni yachitatu ija pakona.

Ndinali nditakonza kale zoti ndikulembere lero. Mwana akamachoka pakhomo kukakhazikika m'tauni, mayi amakhala ndi mawu ake: za lendi, za anzake ocheza nawo, za tchalitchi, za amuna a kumeneko. Ndinalemba mitu isanu ndi umodzi kuseri kwa kalendala. Yonseyo ndaisiya. Zimene ndaona lero zandizunguza mutu.

Zayamba m'mawa, amake Yusufu a thandala loyandikana ndi lathu atabwera kudzabweza beseni. Anaima pakhomo akuseka okha.

"Aphunzitsi, kodi mwagula dzuwa la magetsi m'nyumba muno? Tiuzeni nafe tikagule."

"Mukutanthauza chiyani?" ndinafunsa.

"Usipa wa Lolemba uja mwana wanu anauchotsa pa thandala dzulo masana. Wanga ndinagula m'bwato lomwelo, mpaka pano uli panja, ukadali wofewa."

"Munamuuza?"

"Ndinamuuza. Ndinati Zione, kuli mwera uku, kumwamba mitambo yokhayokha, nsombazi sizinaume. Akuti, 'Amake Yusufu, anthu alipira kale, foni ikungolira.' Nanga ine ndine ndani kuti ndikangane ndi foni?"

Ndinaseka nawo kuti asaone nkhope yanga. Atangotuluka ndinalowa kuchipinda kwako n'kutenga paketi imodzi. Pulasitiki inali itayamba kale thukuta m'kati. Ndinaing'amba, ndinatenga usipa umodzi kuti ndiuthyole. Zione, iwe wakulira pa thandala, ukudziwa kuti usipa wouma umathyoka pakati, umachita kumveka. Uwu unangopindika ngati chingwe. Ndinayesa khumi. Wothyoka unali umodzi.

Ukundidziwa, sindikhulupirira mphuno yanga yokha, choncho ndinawerenga. Ndinatsegula mapaketi atatu a usipa wa sabata yatha, umene unauma dzuwa likadalipo. Munali nsomba 296, 301 ndi 289. Amenewo ndawamatanso, makina ako omatira aja ndawaphunzira lero nditawotcha mapepala awiri. Kenako ndinatsegula atatu a Lolemba. Munali 231, 226 ndi 238. Pa sikelo onse akulemera chimodzimodzi, theka la kilogalamu. Kusiyana kwake ndi nsomba zoposa 60 pa paketi iliyonse, ndipo malo a nsomba zimenezo atenga ndi madzi. Munthu walipira usipa, iwe ukumutumizira madzi a m'nyanja, madzi omwewo n'kukamuwonongera nsomba zotsalazo pakatha masiku atatu. Sindikunena kuti unafuna kubera munthu. Ndikudziwa kuti sunawerenge. Koma amene akutsegula paketiyo ku Lilongwe sadziwa zimene unafuna, amangodziwa zimene walandira.

Ndinaganiza kuti kudabwa kwanga kwathera pamenepo. Ndinatenga foni yako yakale ija, imene wandisiyira kuti uzindituma nayo, n'kutsegula tsamba lako la malonda monga unandiphunzitsira Lamulungu. Sindinaliwerengepo chiyambire. Pamwamba penipeni ndinapeza nkhope yanga. Ndili pa thandala, ndavala duku langa lobiriwira, ndawerama ngati ndikusankha nsomba. Sindikukumbuka tsiku limene unandijambula. Pansi pake unalemba kuti, "Usipa wosankhidwa ndi manja a amayi anga. Itanitsani lero, mulandira mawa." Ndinakhala pansi pabedi lako. Zaka ziwiri wakhala ukugulitsa, ndipo paketi imene ine ndinasankha ndi manja anga palibe ngakhale imodzi. Nthawi zonse unkati, "Amayi pumani, izi ndi za achinyamata."

Kenako ndinalowa ku mauthenga. Foni imalemba nthawi, choncho sindinavutike kuwerenga. Munthu akalemba kuti akufuna kugula, umamuyankha pasanathe mphindi zitatu. Ndaona wina amene unamuyankha mphindi yomweyo. Koma pali mauthenga asanu ndi anayi a anthu odandaula, kuyambira pamene mwera unayamba, ndipo sunayankhepo ndi umodzi womwe. Wakale kwambiri watha milungu isanu ndi umodzi. Mayi wina analemba motere: "Ndinagula chifukwa cha nkhope ya amayi anu, amafanana ndi amayi anga. Ndatsegula tsiku lachitatu, muli chuku. Ana ndawagulira soya." Ndauwerenga kanayi uthenga umenewo. Sanakutukwane, sanafunse n'komwe kuti umubwezere ndalama. Ndikanakonda akanatukwana.

Usaganize kuti akulemba zimenezi ndi munthu amene sanalakwepo. Ine ndinachita zomwezi, ndipo ndinali wamkulu kuposa iwe. Chaka chachiwiri cha ukwati wanga ndi malemu bambo ako, ndikuphunzitsa kwa Malengachanzi, mlamu wanga wamng'ono ankakwatiwa. Ndinaimirira pakati pa abale n'kulonjeza kuti mpunga wonse wa paukwati, matumba atatu, uchokera m'munda mwanga. Ndinkafuna apongozi aone kuti mtengwa wophunzira amadziwanso kulima. Mpunga unachedwa kucha. Ndinaumweta ukwati utatsala masiku anayi, ndinauyanika tsiku limodzi ndi theka, n'kupita nawo kuchigayo. Mkulu wa pachigayo analuma njere imodzi n'kunena kuti, "Amayi, uwu bwererani nawo, mukauyanike masiku awiri." Ndinamuyankha kuti ndalonjeza. Anati, "Chabwino, koma chigayo sichidziwa zimenezo." Mpunga unatuluka wosweka wokhawokha. Tsiku la ukwati amayi ophika anayesa madzi ochepa, anayesa moto wochepa, koma m'miphika yonse isanu munatuluka phala. Alendo ochokera kuchimuna anadya ndi masupuni akuyang'anana. Kuchokera tsiku limenelo abale a bambo ako ankanditchula kuti aphunzitsi aphala, ndipo dzinalo linatha zaka khumi ndi chimodzi. Ndikanapita kwa apongozi Lachitatu lake n'kunena kuti mpunga wanga sunaume, tigule wina, akanandinyoza sabata imodzi yokha. Kumbukira zimenezi, Zione. Tsiku ndinalikwaniritsa, mpunga unafika pa nthawi yake, koma palibe amene anakumbukapo zoti unafika msanga.

Tsono usaganize kuti ndikukuuza kuti uzichedwa. Unandiuza mwezi watha kuti, "Amayi, pa intaneti munthu ukamuchedwetsa tsiku limodzi amapita kwa wina, inu simungamvetse." Ndikumvetsa kuposa m'mene ukuganizira, chifukwa kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kwa kuchedwa, ndipo ndiko kumandipweteka kwambiri. Nkhani ya mpunga ija itachitika ndinakhala munthu woopa kutulutsa kanthu kosakwanira. Agogo ako atagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, iwe uli ndi zaka zitatu, anatumiza mawu kudzera kwa amalume ako kuti chakudya chonse chikuwakana, akungolakalaka usipa wa kwathu. Inali nyengo ngati ino. Ndinagula usipa tsiku lomwelo, ndinauyanika, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathyola n'kunena kuti ayi, utsale tsiku lina. Sindinatumize ngakhale mawu oti ukubwera. Ndinautumiza tsiku lachisanu ndi chimodzi, utauma bwino kwambiri, wosankhidwa umodziumodzi. Unawapeza atasiya kumeza. Amalume ako anaugawira anthu odikirira odwala anzawo. Zinanditengera zaka kuti ndione chinthu chimene mwana aliyense wa kunyanja amadziwa: usipa wofewa si woipa ukadyedwa tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ndikanaukulunga m'pepala wodzaza manja awiri, n'kuupereka kwa kondakitala m'mawa wa tsiku lachiwiri, amayi anga akanadya. Ndinasunga ulemu wa nsomba, munthu amene ankazifuna n'kundipitirira.

Ukuona tsono kuti funso silakuti kufulumira kapena kuchedwa. Uyenera kudziwa kuti munthu amene waitanitsayo akufuna chiyani. Wina akufuna ndiwo za mawa. Wina akufuna zosunga mwezi wathunthu. Iwe onsewa wawapatsa lonjezo limodzi ndi pulasitiki imodzi. Wofuna za mawa umuuze poyera kuti usipawu ndi wofewa, aphike akangolandira, ndipo umukulungire m'pepala kuti mpweya uzidutsa, osati kumata. Wofuna zosunga umuuze kuti kunyanja kuli mitambo, adikire masiku atatu. Ena adzapita kwa wina, n'zoona. Koma amene wapita chifukwa wamuuza zoona amabweranso mwezi wotsatira. Anthu asanu ndi anayi aja ndayang'ana mayina awo, palibe amene anaitanitsanso.

Kulakwa kwanga kwachitatu sindinakuuzepo, ndipo bambo ako anamwalira osadziwa za nkhaniyi. Ndili mphunzitsi wa sitandade 7, teremu ina tinachedwa kulemba mayeso, ndipo ahedi anafuna malipoti onse Lachisanu, tsiku lotsekera. Ana anali 84. Ndinaphatikiza malikisi awo tsiku limodzi, osabwereza. Mtsikana wina wanzeru, dzina lake ndilisunga, ndinamuiwalira phunziro limodzi lathunthu. Anayenera kukhala nambala 2, ine ndinamuika nambala 19. Sukulu itatsegulidwa bambo ake, msodzi wa kuno konkuno, anandilembera kalata ya mizere inayi, yaulemu, yopempha kuti ndionenso. Ndinaonanso ndekha, ndinapeza kuti akunena zoona. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinaika kalatayo pansi pa mabuku m'kabati. Ndinkati ndiyankha mawa, manyazi akachepa. Manyazi sanachepe, ankakula tsiku lililonse. Teremu yotsatira mwanayo anamusamutsira kusukulu ina kwa Nkhunga, kwa achibale. Bambo akewo ndinkakumana nawo kunyanja zaka zambiri. Ankandipatsa moni mwaulemu, koma nsomba zawo ankagulitsa kwa aliyense kupatula ine, ndipo sitinatchulepo chifukwa chake. Kuwerenga kwanga kumene umandiseka nako, kowerenga masupuni, mazira ndi masitepe a kutchalitchi, kunayambira pamenepo. Kulakwitsa malikisi kunali kwa tsiku limodzi. Kusayankha kalata ndiko kunali kulakwa kwanga kwenikweni. N'chifukwa chake mauthenga asanu ndi anayi aja andipweteka kuposa chuku. Ndaona kabati yanga ija m'foni mwako.

Uwayankhe, Zione. Usadikire kuti ufike, uwayankhe uli m'basi, ulendo wake ndi wautali. Usawauze kuti ndi kutentha kwa m'galimoto kapena kuti anasunga molakwika. Uwauze kuti unamata nsomba zisanaume, ndipo uwatumizira zina. Kuyambira lero, uthenga wa wodandaula uziuyankha usanayankhe wa wogula. Wogula akhoza kudikira mphindi khumi.

Tsopano za ntchito yathu iwe ukapita. Tinagwirizana kuti iwe ukakhala ku Lilongwe pafupi ndi makasitomala, ine ndizigula nsomba kuno, kuyanika, kumata ndi kutumiza pa basi. Sindikubweza mawu. Bizinesi imeneyi unaiyamba wekha ndi beseni limodzi, ndipo tsiku limene unalandira oda yoyamba kuchokera kwa munthu wosamudziwa ndinanyadira ngakhale sindinakuuze. Koma popeza manja anga unawalemba kale pa intaneti osandifunsa, tsopano agwiradi ntchito, ndipo agwira motere. Pa beseni lililonse ndizithyola nsomba khumi. Zikapindika ziwiri, beseni lonse libwerera pa thandala. Nsomba zochokera padzuwa sindizimata zikadali zotentha, ziyambe zazizira pamthunzi, chifukwa nazonso zimachita thukuta. Foni ikhoza kulira kakhumi, ukhoza kundilembera kuti "Amayi chonde" ndi zithunzi za nkhope zolira zija, sindidzamata.

Mawu akuti "mulandira mawa" uwachotse pa tsamba lako mpaka mwera utatha. Unalonjeza zinthu zitatu zimene si zako: nyanja, dzuwa ndi basi. Ukafuna kuwabwezeretsa, ndipo ndikufuna udzawabwezeretse chifukwa ndi amene anakubweretsera anthu, njira yake ilipo. Miyezi ya dzuwa tizigula zochuluka, tiziumitsa bwino, iwe uzikhala ndi mapaketi osachepera 40 pa shelefu kumeneko. Munthu akaitanitsa, wa njinga yamoto azinyamula za pa shelefu, osati zimene zikadali m'nyanja. Mapaketi akatsika kufika pa khumi, usinthe mawu pa tsamba tsiku lomwelo. Kufulumira kuzichitika pakati pa shelefu yako ndi khomo la kasitomala. Pa thandala pasamafulumire munthu.

Ndibwereze, chifukwa ndikudziwa kuti ndime zapakati umadumpha. Usalonjeze tsiku usanaone nsomba. Usamate chofewa. Uyankhe wodandaula.

Za mawa zili motere. Mapaketi 38 aja anali a anthu 19, ndawerenga pa timapepala ta mayina timene unamatapo, ndipo ndakopera mayina onse ndi manambala awo pa pepala limene lili kuseri kwa kalatayi. Amake Yusufu akuti mitambo ikhoza kuyera mawa madzulo. Zikatero usipa uuma Loweruka, ndiutumiza Lamulungu m'mawa, anthu alandira Lolemba. Usawauze Lamulungu, uwauze Lolemba. Wofuna ndalama zake umubwezere osakangana naye. Usatenge pa mapaketi 22 abwino aja kuti utseke pakamwa pa amene akulankhula kwambiri. Amenewonso ali ndi eni ake, ungowonjezera anthu owapepesa.

Pa anthu 19 amenewo pali mmodzi amene sangadikire Lolemba. Pa mapaketi ake anayi unalemba ndi dzanja lako kuti, "Mayi Kalua, akunyamuka Lachisanu kupita ku Joni kwa mwana wawo, osachedwa." Ndaganizira ulendo umenewo, masiku awiri m'basi, nsomba zofewa zili m'pulasitiki pansi pa katundu, mayi n'kukatsegula pamaso pa mwana wake amene mwina watha zaka osalawa za kwawo. Ndinayendayenda m'nyumba muno osadziwa chochita. Ndinapita kwa amake Yusufu, wouma alibe. Ndinafunsa pa mathandala ena anayi, onse akudikira dzuwa lomweli.

M'chipinda mwanga, mu ndowa yotsekera ija, munali usipa umene ndinakukonzera ngati kamba wa paulendo. Ndinaugula milungu itatu yapitayo osakuuza, ndinauyanika masiku anayi kuseri kwa nyumba, ndinachotsa wosweka ndi wamchenga ndekha. Ndinkafuna kuti mwezi wako woyamba m'tauni usagule ndiwo. Ndauyeza, wakwana makilogalamu awiri ndi pang'ono. Ndamata mapaketi anayi, ndalembapo dzina la Mayi Kalua, ali pamwamba m'katoni yachitatu. Ukatsika basi uyambe wapereka amenewo usanapite kukaona chipinda chako.

Choncho unyamuka wopanda kamba, mwana wanga. Zimene zatsala pa sikelo ndi nsomba 47, ndazikulunga m'pepala, zili m'thumba la chikwama chako chakuda. Zikukwanira kudya kawiri ukathira tomato wambiri. Anthu oti uwaimbire atsala 18. Uyambe basi isanafike pa Nkhotakota, chifukwa kupitirira apo netiweki imadukaduka.

Mulungu akutsogolere pa msewu ndi pa ntchito yako. Ukafika undiuze, ngakhale ukhale usanasiye kundikwiyira.

Ndine amayi ako.